Kuphunzitsa ana nyengo m'Chichewa kuno ku Joni

Mwana wobadwira ku Johannesburg sagwira mawu akuti dzinja powaloweza. Amawagwira tsiku limene wavumbwa ndi mvula, inu n'kumuuza kuti dzinja ndi limeneli. Mwayi wake ngwakuti nyengo za kuno zimagwa pafupifupi miyezi yomweyo ya kumudzi: mvula kuyambira Okutobala mpaka Malichi, masika mu Epulo ndi Meyi, chisanu mu Juni ndi Julayi, kenako chilimwe.

Yambani mu Okutobala, mitengo ya jacaranda ikachita maluwa. Mvula yoyamba ikagwa pa udzu wopserera m'mbali mwa msewu, muuzeni kuti ndi chizimalupsa, chifukwa yazima lupsa. Musabzale nayo, siichedwa kudula. Ngumbi zikadzaza pa babu la panja azitole ndi kuzitchula dzina, koma musakazinge ngati pabwalopo pamathiridwa mankhwala a chiswe. Bowa wa m'mapaki ngwongoona ndi maso.

Mvula ikakhazikika mu Novembala, pezani ndowa zinayi za malita 20. Boolani pansi, dzazani dothi losakaniza ndi manyowa, mwanayo abzale njere zitatu za chimanga m'ndowa iliyonse, kuya masentimita 5. Zikamera patulirani, patsale phesi limodzi. Ndowazo zikhale padzuwa, moyandikana. Ambiri amabzala ndowa imodzi yokha n'kudabwa chimanga chatuluka cha njere apa ndi apo. Phesi likakhala lokha, mungu wa ku ngayaye umapita ndi mphepo osagwera pa ndevu za chimangacho. Apa mawu amabwera okha ntchito ili m'manja: kupalira, kubandira, mondokwa, kukolola. Mitambo ikada bii masana, kokerani ndowa pakhonde, poti matalala a kuno amang'amba masamba onse.

Chisanu cha kuno n'choposa cha kwathu, popeza mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Lawirirani naye ku paki ya ku Emmarentia mu Julayi, akakhudze udzu woyera mbuu. Koma musamuuze kuti ndi chiperoni. Chiperoni ndi kamvula kowaza ka nkhungu ka ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, ndipo mwera ndi mphepo yovundula nyanja. Zimenezo agogo atumize kanema pa WhatsApp.

Madzulo a chisanu omwewo ndiwo a nthano. Zimitsani TV, nenani kuti "Padangokhala", ndipo musapitirize kufikira iye atayankha kuti "Tili tonse".