Kuboola khutu kumtunda: zoyenera kudziwa achinyamata musanaboole ndi mukaboola

Gwirani khutu lanu kumunsi, pamene anthu ambiri amavala ndolo. Ndi pofewa, pali mnofu ndipo magazi amayendapo bwino. Kenako gwirani kumtunda. Kumeneko kuli chicherewecherewe, cholimba, ndipo mkati mwake mulibe mitsempha ya magazi. Chimalandira chakudya kudzera m'kachikopa kopyapyala kamene kanachikuta basi. N'chifukwa chake bala la kumunsi limapola pa masabata 6 mpaka 8, pamene la kumtunda limatenga miyezi 4 mpaka 12. Tizilombo tikalowa kumtundako, thupi limavutika kulimbana nato, ndipo mankhwala safikako msanga. Ndolo ya kumtunda imakongola, sindikutsutsa, koma musaitenge ngati ya kumunsi.

1. Yambani mwakambirana ndi akuluakulu

Malamulo okhudza zaka zoboolera amasiyana m'mayiko, koma oboola odalirika ambiri safuna kugwira khutu la mwana popanda chilolezo cha kholo. Kwa ine chifukwa chachikulu si lamulo ayi. Wachinyamata amene waboola mobisa amabisanso khutu likayamba kutupa, amaliphimba ndi tsitsi kapena chipewa, ndipo masiku amene akubisawo ndi omwe khutu limawonongeka. Makolo, ngati mwana wanu wabwera ataboola kale, zokalipa zidikire, yambani mwaona balalo.

Funsaninso ngati kubanja kwanu kuli anthu amene zipsera zawo zimatupa n'kumakulabe mpaka kupitirira pamene panali bala. Madokotala amazitcha keloid. Zimakonda kutuluka pakhutu, zimachitika kwambiri kwa anthu akhungu lakuda komanso azaka za pakati pa 10 ndi 30, ndipo zikadulidwa nthawi zambiri zimabwereranso. Ngati munatulukapo chipsera chotere, langizo langa n'lakuti musaboole. Amene muli ndi matenda a shuga, a mtima, vuto losasiya magazi msanga kapena chitetezo cha m'thupi chofooka, kaonaneni kaye ndi dokotala.

2. Singano, osati mfuti

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kamfuti koboolera makutu kamakankha ndolo yosathwa kwenikweni mwamphamvu, ndipo m'malo modula bwinobwino kakhoza kuphwanya chicherewecherewe. Komanso timfuti tambiri n'tapulasitiki, sitingaikidwe m'makina a autoclave ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha kwambiri. Kungokapukuta ndi sipiriti sikokwanira.

Woboola wodziwa ntchito yake amagwiritsa ntchito singano yatsopano yobowoka mkati. Muone ndi maso anu akuitulutsa m'paketi yomata, ndolo nayonso ichokere m'paketi yake. Asambe m'manja, avale magolovesi atsopano, atsuke khutu, alembe kadontho pamene aboolepo ndipo akuonetseni pagalasi. Akamaliza, singano ija aitaye. Ngati wakwiya chifukwa mwafunsa mmene amayeretsera zida zake, nyamukani muzipita.

Zoboolana pa chinzake ndi singano yosokera kapena phini yowotcha pamoto musayese n'komwe. Singano imodzi ikadutsa m'makutu a anthu angapo ikhoza kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhalenso HIV, ndipo chida chauve chingabweretse kafumbata.

3. Ndolo yoyamba

Ikhale ya chitsulo cha titanium kapena golide weniweni wa makarati 14 kupita m'mwamba. Ndolo zotchipa zambiri zimakhala ndi nickel, chitsulo chimene chimayabwitsa ndi kutupitsa khungu la anthu ambiri. Ikhale yowongoka komanso yotalikirapo kuti khutu likatupa isakanikize. Yozungulira ngati mphete idikire bala lipole, chifukwa imayendayenda n'kumakokera litsiro mkati. Boolani khutu limodzi kaye kuti mukhale ndi mbali yogonera.

4. Kusamalira bala tsiku ndi tsiku

Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze khutu. Kawiri pa tsiku, tsukani kutsogolo ndi kuseri kwa bowo ndi madzi amchere a saline a 0.9% ogula ku famase. Akasowa, sungunulani kota ya sipuni yaing'ono ya mchere m'mamililita 250 a madzi owiritsa amene azizira pang'ono, ndipo muzikonza atsopano nthawi iliyonse. Musachulutse mchere poganiza kuti lipola msanga, umangoumitsa khungu. Nyowetsani kagozi (kansalu komangira mabala) koyera, kagwirizeni pabalapo kwa mphindi zochepa kuti nkhanambo zifewe, kenako pukutani pang'onopang'ono ndi kuumitsa. Thonje limasiya timaulusi tokodwa m'ndolo, ndipo thaulo losambira limasunga tizilombo.

Sipiriti, mankhwala otsukira mabala a hydrogen peroxide ndi mafuta odzola musaike. Zimapsereza kapena kutseka khungu latsopano limene likufuna kumera. Ndolo musamaizungulize. Ambiri anauzidwa kuti ikapanda kuzungulizidwa imamatirira, koma zoona zake n'zakuti kuzunguliza kumang'amba bala limene linayamba kupola.

Zinthu zimene zimachedwetsa kupola nthawi zambiri ndi zazing'ono: kugonera mbali yoboolayo, mahedifoni ophimba khutu, foni yalitsiro yokanikiza pakhutu, chipeso chokoka ndolo, mankhwala a tsitsi otsikira pabala, juzi yovula mothamanga. Sinthani pilokesi pafupipafupi. Pewani kusambira m'madamu, m'mitsinje ndi m'nyanja masabata oyambirira, chifukwa kachilombo koopsa kwambiri pa chicherewecherewe, Pseudomonas aeruginosa, kamakonda m'madzi ndi malo achinyezi. Ochita masewera ogundana muganizire bwino nthawi yoboolera.

Pakatha masabata 4 mpaka 8 kutupa kukachepa, bwererani kwa woboola akuikeni ndolo yofupikirapo kuti isamakodwe. Musasinthe nokha. Bala la pamenepa limapola kunja mkati mukadali mwamuwisi, choncho musanyengeke poona kuti pakuoneka bwino.

5. Kudziwa nthawi yothamangira kuchipatala

Masiku oyambirira khutu limafiira pang'ono, limatupa, limapweteka mukaligunda, ndipo limatulutsa timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono timene timauma n'kukhala nkhanambo. Zimenezi n'zabwinobwino ndipo zimachepa tsiku ndi tsiku. Kachotupa kakang'ono kofiira m'mbali mwa bowo kawirikawiri kamabwera chifukwa chogonera kapena kugundagunda. Musakafinye, chotsani chimene chikukayambitsa.

Choopsa ndi pamene zinthu zikukulirakulira m'malo mochepa. Ululu ukamachita kuphwanya mpaka kukulepheretsani tulo, kumtunda konse kwa khutu kukatupa, kutentha ndi kunyezimira pamene kumunsi kuli bwinobwino, kukamatuluka mafinya olimba achikasu kapena obiriwira onunkha, thupi likatentha, kapena ndolo ikayamba kumira m'khungu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye yerekezani ndi khutu linalo, muone kukula kwake ndi kutentha kwake.

Ndikunenetsa za tsiku lomwelo chifukwa cha mmene khutu linapangidwira. Mafinya akasonkhana pakati pa chicherewecherewe ndi kachikopa kochidyetsa kaja, amazilekanitsa. Chicherewecherewe chimasowa chakudya n'kuyamba kufa, ndipo chikafa sichimeranso. Khutu limakwinyika n'kupindika mpaka kalekale, ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni yovuta. Zimenezi zimatha kuchitika m'masiku ochepa chabe.

Musamwe mankhwala otsala a munthu wina. Maantibayotiki odziwika monga amoxicillin sapha Pseudomonas, ndipo mudzangotaya nthawi mukuganiza kuti mukuchira. Dokotala ndi amene asankhe mankhwala oyenera, ndipo ngati muli mafinya ambiri adzafunika kuwatulutsa. Muuzeni tsiku limene munaboola, chida chimene anagwiritsa ntchito, ndi zonse zimene mwakhala mukupakapo. Ndolo musaichotse nokha musanafike, chifukwa bowo likhoza kutseka mafinya ali mkati. Akakupatsani mankhwala malizani onse ngakhale ululu utasiya, ndipo ngati padutsa masiku awiri khutu osasintha, bwererani.