Momwe mungakonzere taimingi mukasintha injini m'galimoto yaing'ono

Injini yalowa, mawaya alumikizidwa, oyilo ndi madzi zathiridwa. Mukapotoza kiyi sitata ikungozungulira koma galimoto osalira. Kapena yalira, koma ikunjenjemera, ikuphulika ku ekizosi, ndipo ikafika pachitunda mphamvu palibe. Apa ambiri amathamangira kumasula distributor (chogawira moto ku mapulagi) n'kuyamba kuyipotoza uku akumvetsera ndi khutu. Musayambire pamenepo. Taimingi ndi nthawi yomwe moto umafika pa pulagi poyerekeza ndi pomwe pisitoni ili. Moto usanafike pa pulagi umadalira pisitoni, lamba wa taimingi, camshaft, kompyuta ndi mawaya, ndipo mukasintha injini chilichonse mwa zimenezi chikhoza kukhala cha injini ina. Kupotoza distributor zinazo musanazione kumangokwirira vuto, n'kudzatulukira pamsewu injini itatentha.

Zitsanzo pano ndi za injini za Toyota za 4A-FE, 5A-FE, 7A-FE, 4E-FE ndi 5E-FE, zomwe zili m'ma Corolla, Sprinter, Starlet ndi Tercel a m'zaka za m'ma 1990. Ndondomeko yake imagwiranso pa injini zina za petulo za masilinda anayi, kupatula manambala. Mukhale ndi timing light (nyali yophethira yoyezera taimingi), sipanala ya mapulagi ya 16, masipanala a 10 ndi 12, screwdriver yaitali, kawaya kafupi ndi choko. Batire ikhale yodzaza, chifukwa yofooka imapereka moto wofooka ndipo imakusocheretsani.

Yambani ndi pisitoni, osati chizindikiro

Silinda yoyamba ndi yomwe ili kumbali ya lamba wa taimingi. Chotsani mapulagi onse kuti injini izungulire mopepuka, giya ikhale pa neutral. Tsekani bowo la pulagi yoyamba ndi chala kapena kansanza, wina azizungulitsa crankshaft ndi sipanala molowera momwe muvi wa wotchi umayendera. Mukamva mpweya ukukankha, ndiye kuti pisitoni ikukwera mavalavu onse atatseka. Lowetsani screwdriver pang'onopang'ono igunde pisitoni, pitirizani kuzungulitsa mpaka screwdriver isiye kukwera. Pamenepo ndi pa TDC, pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni.

Tsopano yang'anani kamzere ka pa pulley ya crankshaft. Kayenera kuloza pa 0 pa chivundikiro cha taimingi. Ngati sikakuloza pamenepo, chizindikiro chanu ndi chabodza, ndipo timing light idzakunamizani ngakhale mutayeza kakhumi. Zimachitika m'njira ziwiri. Injini zogula nthawi zambiri zimabwera pulley itathyoka kapena palibe, makaniko n'kuvula ya injini yakale, mwina ndi chivundikiro chomwe, osaona ngati zikufanana. Njira ina, pulley yambiri ili ndi mphira pakati pa chitsulo cham'kati ndi chakunja, ndipo mphirayo ikakalamba chakunjacho chimaterereka pamodzi ndi kamzere kake. Ikakhala yoterereka isintheni. Ikakhala yabwino koma ya injini ina, lembani kamzere katsopano ndi penti moyang'anizana ndi 0.

Kumbukirani kuti crankshaft imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi. Kamzere kamafika pa 0 kawiri, koma kamodzi kokha ndi pomwe silinda yoyamba ikuyembekezera moto. Kwinako ndi nthawi ya silinda yachinayi. N'chifukwa chake chala cha pabowo chija n'chofunika.

Lamba wa taimingi

Pisitoni ili pomwepo, tsegulani chivundikiro cham'mwamba. Pa injini zimenezi pulley ya camshaft ili ndi kabowo, ndipo mukasuzumira mukabowomo muyenera kuona chizindikiro cha pa bearing cap (chogwirira camshaft) yoyamba chili pakati penipeni. Pa 4E-FE ndi 5E-FE samalani kwambiri: pulley imakhala ndi malo awiri, ena olembedwa 4E ena 5E. Amene wachotsa 4E n'kuika 5E, kapena wasinthanitsa mutu wa injini, akatsata malo olakwika mavalavu amatseguka nthawi yolakwika ngakhale zonse zikuoneka ngati zalunjika.

Dzino limodzi si laling'ono. Giya ya lamba ya pa crankshaft ikakhala ndi mano 18 mpaka 24, dzino limodzi ndi madigiri 15 mpaka 20. Popeza distributor imazunguliridwa ndi camshaft, moto nawo umasuntha ndi madigiri omwewo. Chizindikiro chake ndi ichi: mwapotoza distributor mpaka yagunda kumapeto kwa mpata wa mabawuti ake koma madigiri oyenera sakukwanabe pa timing light. Ena apa amapala mpatawo ndi fayilo kuti utalike. Kumeneko n'kuononga, chifukwa moto ubwerera m'malo koma mavalavu akhalabe olakwika, ndipo galimoto izimwa mafuta yopanda mphamvu. Masulani tensioner (chokungira lamba), ikani lamba bwino, zungulitsani crankshaft kawiri ndi dzanja, muonenso zizindikiro zonse ziwiri. Injini ikakhala yogula ndipo mbiri ya lambayo simukuyidziwa, ikani watsopano pomwepo.

Distributor ndi mawaya a mapulagi

Vulani kapu ya distributor. Rotor (chozungulira cham'kati mwake) iyenera kuloza pomwe pamatulukira waya wa silinda yoyamba. Ikaloza mbali ina yotsutsana, distributor yalowa mozondoka ndi madigiri 180, ndipo injini yotere siyilira, imangophulika ku ekizosi kapena kulavula moto kolowera mpweya. Pa injini zambiri kampata ka kumapeto kwa camshaft sikali pakati, choncho distributor imalowa njira imodzi yokha. Ikakana kukhala pansi, musayikoke ndi mabawuti. Itulutseni, tembenuzani rotor, yesaninso. Pa injini zakale zomwe distributor yake ili ndi giya ya mano opendekera, rotor imapotoka pang'ono ikamalowa, ndiye iyambitseni kumbuyo pang'ono kuti ikathere polondola.

Moto umayenda 1-3-4-2. Gundani sitata pang'ono kapu ili yovula muone komwe rotor ikulowera, kenako sanjani mawaya pa kapu motsatira mbali yomweyo. Waya wa 3 ndi wa 2 akasinthana, injini imalira ndi masilinda awiri okha, ikugwedeza galimoto yonse.

Kompyuta ndi ya injini iti?

Apa ndi pomwe pamavuta kwambiri posintha injini. Kompyuta, distributor ndi mawaya ziyenera kukhala za banja limodzi. Ngakhale 4A-FE yomweyo inasintha m'zaka zake, ndipo ma distributor ake amasiyana mapulagi a mawaya ndi masensa am'kati. Pulagi ikapanda kulowa, si nkhani yodula mawaya n'kulumikiza potsata mitundu. Njira yosavuta nthawi zambiri ndi kubwezera distributor ya injini yakale ngati ikukwana pa mutu watsopano, kapena kugula injini pamodzi ndi kompyuta ndi mawaya ake.

Kompyutayo imanena yokha chomwe chikuyivuta. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kuseri kwa chivundikiro chake kuli mapu a timabowo. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tsegulani kiyi osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyali ya check engine. Khodi 12 kapena 13 ikutanthauza kuti kompyuta sikulandira bwino uthenga wa kuzungulira kwa injini kuchokera mu distributor. Khodi 14 ndi ya igniter, yomwe imachititsa koyilo kutulutsa moto. Kompyuta imatumiza lamulo la moto pa waya wa IGT, igniter n'kuyankha pa IGF kuti moto wachitika. Yankho likapanda kubwera kompyuta imadula mafuta, ndipo galimoto imalira kamphindi n'kuzima. Khodi 52 ndi ya knock sensor (sensa yomva kugogoda kwa injini), yomwe imathyoka kawirikawiri injini ikamakwezedwa. Sensayi ikafa, kompyuta imachedwetsa moto dala poteteza injini, galimoto n'kukhala yaulesi. Onaninso mawaya a earth omwe amamangidwa pa manifold kapena pa mutu wa injini. Amaiwalika, kapena amamangidwa pamwamba pa penti ndi dzimbiri.

Tsopano timing light

Injini itenthe mpaka fani ilire n'kusiya. Zimitsani nyali ndi AC, phazi lichoke pa accelerator. Pakani choko pa kamzere ka pulley, panani waya wa silinda yoyamba ndi chopanira cha timing light, lumikizani TE1 ndi E1. Kawaya kameneka kamauza kompyuta kuti isiye kusewera ndi taimingi. Popanda iko mukuyeza chinthu chomwe chikusuntha. Mulingo wa injini izi ndi madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Masulani pang'ono mabawuti a distributor. Mukayipotoza motsutsana ndi komwe rotor imalowera moto umafulumira, mukatsata rotor umachedwa. Sunthani pang'ono pokha, chifukwa digiri imodzi pa distributor ndi ziwiri pa pulley. Mangani, yezaninso, kenako chotsani kawaya. Kamzere kayambe kuyendayenda pang'ono, ndipo mukaponda mafuta kathawire kutsogolo.

Ngati mwalumikiza TE1 ndi E1 koma kamzere sikakukhazikika, onani sensa ya pa throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini). Kompyuta imagwira taimingi pokhapokha ikadziwa kuti throttle yatsekeka. Chingwe cha accelerator cha galimoto yakale chikakhala chachifupi pa injini yatsopano, chimasiya throttle itatseguka pang'ono, ndipo khodi 51 imatha kuoneka. Chimasuleni chikhale ndi kampata.

Pa injini ya kabureta palibe kawaya. Chotsani kapaipi ka vacuum pa distributor, katsekeni, muyeze motsatira nambala ya injini imeneyo, yomwe imalembedwa pa chomata cha pansi pa boneti ya galimoto yomwe inachokera.

Injini zopanda distributor

Pa 1NZ-FE, 2NZ-FE ndi 1SZ-FE za mu Vitz, Platz ndi Probox palibe chopotoza. Koyilo ili pamwamba pa pulagi iliyonse, ndipo kompyuta imawerenga sensa ya crankshaft ndi ya camshaft. Pa 1NZ-FE mukalumikiza TC ndi CG pa soketi ya pansi pa chiwongolero muyenera kupeza madigiri 8 mpaka 12. Akapanda kukwana, vuto lili pa tcheni, pa sensa kapena pa chitsulo cha mano chomwe sensa imawerenga. P0335 ndi ya sensa ya crankshaft, P0340 ndi ya camshaft. Pa injini za makampani ena manowo ali pa flywheel, ndiye kuika flywheel ya injini yakale kukhoza kubweretsa mano osagwirizana ndi kompyuta ya injini yatsopano. Kompyuta yokhala ndi immobiliser (chotetezera galimoto kwa akuba) imafunanso kiyi wake, apo ayi moto suoneka n'komwe.

Zonse zikakwana, kayeseni pachitunda chenicheni injini ili yotentha, mu giya yachitatu kapena yachinayi, mukuponda mafuta kuyambira pa liwiro lotsika. Mukamva kulira ngati timisomali tikugwedezeka m'chitini, moto wafulumira, ndipo musapitirize ulendo wautali chifukwa kumeneko kumaswa ma ring ndi kuboola pisitoni. Ikamavuta kukwera, geji ya kutentha ikukwera ndipo manifold ya ekizosi ikufiira, moto wachedwa. Sitata ikamalemera ngati batire yatha pamene injini yatentha, bwererani ku timing light musanagule batire ina.