Akalulu a ku Victoria: yambani ndi aneba, malizani ndi una

Ngati mwagula kamunda kuno ku Victoria, ku Australia, kapena mwalembedwa ntchito pafamu, musathamangire mfuti. Kalulu amene kwathu ndi ndiwo ya apo ndi apo, kuno ndi mliri. Zinayambira pafamu ya Barwon Park, kufupi ndi Winchelsea, pomwe Thomas Austin anamasula akalulu 24 ochokera ku England mu 1859 kuti azikhala ndi zosaka. Lero lamulo la Catchment and Land Protection Act la 1994 limati mwini malo aliyense alimbane nawo.

Koma kulimbana nawo nokha n'kutaya ndalama. Bere la kalulu ndi la mwezi umodzi basi, ndipo mukapha anu, a mneba amangodutsa pansi pa waya n'kulowa m'mauna omwe mwawasiyira. Choncho ntchito yoyamba ndi yapakamwa. Gogodani makomo a onse ochita nanu malire, mugwirizane sabata imodzi yothira poizoni, ndipo musonkherane ndalama ya katapila mmodzi woti adutse minda yonse. Gulu la Landcare (la anthu osamalira malo ndi chilengedwe) la m'dera lanu lidzakuthandizani kuitana msonkhano, ndipo a Victorian Rabbit Action Network amaphunzitsa ntchitoyi. Wokana sasowa. Ine ndaona kuti ambiri okanawo amaopera agalu awo, si mwano ayi. Musawaopseze ndi lamulo. Atengeni mukayende nawo m'munda mwawo, adzionere okha timitengo tomwe tatafunidwa mpaka pansi.

Kenako werengani. Dzuwa likalowa yendani ndi tochi yowala kwambiri, njira yomweyomweyo mausiku angapo, n'kumalemba amene mwaona. Masana funani mauna, milu ya ndowe zawo ndi pomwe apalasa, muziike pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa RabbitScan kuti gulu lonse liziona mapu amodzi.

Poizoni amagwira bwino mu Febuluwale ndi Malichi, msipu utauma, akalulu ali ndi njala ndipo sakuswana kwenikweni. Yambani mwawanyengerera ndi karoti woduladula kapena oats wopanda mankhwala, kangapo, mpaka azolowere. Pafupi ndi nyumba za anthu gwiritsani ntchito nyambo ya poizoni wotchedwa pindone: amafunika kumudya kangapo, ndipo galu akadya mwangozi dokotala wa ziweto amamupatsa vitamini K1. Koma poizoni wotchedwa 1080 ndi nkhani ina. Amafuna chiphaso, ndipo galu akamudya palibe mankhwala omupulumutsa. Khomani zikwangwani, mangani agalu, tolani akalulu akufa m'mawa uliwonse n'kuwakwirira mozama.

Tsopano pagona nkhani ndi apa, pomwe ambiri amagwa ulesi poona kuti akalulu achepa. Gumulani mauna. Amene anakumbapo mbewa akudziwa kuti una sukhala ndi khomo limodzi, ndipo wa kalulu umayenda patali pansi. Mano a katapila alowe kupitirira theka la mita, mizere isatalikirane koposa theka la mita, ndipo apitirire mamita 4 kuseri kwa khomo lomaliza. Akatha adutsenso mopingasa, kenako apondeponde dothilo. Musanayambe yendani pamalopo mukuchita phokoso kuti ali panja athawire pansi. Woyendetsa katapila musamusiye yekha; wina aziyenda patsogolo ndi timbendera, chifukwa khomo limodzi lophonya likwanira kuyambitsanso mudzi wonse. Funsaninso kaye za mapaipi ndi mawaya apansi, komanso ngati malowo ali ndi zinthu zamakolo za Aaborijini, eni nthaka a ku Australia, zomwe lamulo limateteza. Ndipo mukapeza dzenje lalikulu kwambiri, mwina ndi la wombat, nyama ya kuno yokhala pansi; lisiyeni.

Pamiyala ndi m'mphepete mwa mitsinje, pomwe makina safika, munthu wa chiphaso aike m'mauna mapiritsi a aluminium phosphide, otulutsa mpweya wa poizoni, n'kutseka makomo onse. Dulani zitsamba za blackberry, gorse ndi boxthorn, chotsani milu ya matabwa ndi malata, poti umo ndimo amabisala otsala.

Wina pamsonkhano adzati tidikire matenda awamalize. Myxomatosis inapha ochuluka zedi kuyambira 1950, calicivirus inabwera mu 1995, mtundu wake wa K5 mu 2017, koma nthawi zonse opulumuka amaswananso. Ndiye musanabalalike, sankhani tsiku lodzayenderanso mauna onse pakatha milungu ingapo, fosholo m'manja, ndipo lembani dzina la woyang'anira malire aliwonse.