Mamailosi a ndege: musanathamangire kadi, onani kaye komwe mumapita

Anthu ambiri kuno ku Harare akangomva kuti wina wapita ku London ndi mapointi amayamba kufunsa kuti kadi yake ndi iti, banki yanji. Ayi abale, funso loyamba si limenelo. Dzifunseni kuti pa chaka mumakwera ndege kupita kuti, kangati, ndipo ndi kampani iti yomwe imakunyamulani pa Robert Gabriel Mugabe International Airport paja. Ngati ulendo wanu ndi wa basi, wodutsa pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kukaona agogo ku Blantyre, nkhaniyi ikhoza kudikira. Koma ngati muli ndi mwana ku UK, mumakaoda katundu ku Dubai kapena ku Guangzhou, kapena ntchito imakutumani kunja pafupipafupi, mamailosi omwe mukuwasiya, mapointi omwe kampani ya ndege imakupatsani mukakwera oti mudzagulire tikiti, ndi ndalama ndithu.

Makampani akuluakulu a ndege ali m'magulu atatu ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Star Alliance muli Ethiopian Airlines, South African Airways, Lufthansa, Turkish, United ndi ena. oneworld muli Qatar Airways, British Airways, American Airlines. SkyTeam muli Kenya Airways, KLM, Air France ndi Delta. Ubwino wake ndi woti ukalembetsa ku kampani imodzi, nambala yakoyo umaipereka ngakhale ukukwera ndege ya kampani ina ya gulu lomwelo, mamailosi nkumalowa malo amodzi. Emirates sili m'gulu lililonse mwa atatuwa, ili payokha ndi pulogalamu yake ya Skywards.

Ndiye tiyeni tione ndege zomwe zimatera kwathu kuno. Amene mumadutsira ku Addis Ababa, kaya mukupita ku Europe, ku America, ku China, pulogalamu yanu ya mamailosi ndi ShebaMiles ya Ethiopian. Kwa ife a kumudzi ku Malawi pali kaubwino kena, Ethiopian ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines, boma la Malawi lili ndi 51, ndiye maulendo a ku Lilongwe sali kutali ndi banja lomweli. Ine ndikamalangiza munthu amene amapita uku ndi uku osakhazikika njira imodzi ndimamuuza ayambire pamenepa, chifukwa Star Alliance ndi gulu lalikulu kuposa enawo ndipo mu Africa muno lafika malo ambiri.

Amene ana anu ali ku UK, yang'anani Qatar. Anayamba kubwera ku Harare mu 2021, ndipo kuyambira 2022 pulogalamu yawo ya Privilege Club imagwiritsa ntchito Avios, mapointi omwewo a British Airways. Mukalumikiza maakaunti awiriwo, Avios amasuntha kuchoka uku kupita uko osachepa, 1,000 amakhalabe 1,000. Izi ndi zokoma kwambiri chifukwa mwana amene ali ku Leeds kapena ku Luton akhoza kumasonkhanitsa Avios pogula zinthu za tsiku ndi tsiku komweko, mwina ndi kadi ya American Express, mwina posintha mapointi a Nectar a ku sitolo ya Sainsbury's, kenako nkugulira amayi tikiti yoti abwere adzaone chidzukulu. Mapointi a munthu wina amagula tikiti ya munthu wina, sikuti mwiniwake akwere yekha ayi.

A ku Dubai, Emirates Skywards. Ndege yake imadutsira ku Lusaka. Ali ndi akaunti ya banja yomwe amaitcha My Family, mamailosi a bambo, mayi ndi ana amathiridwa pamodzi, ngati chipereganyu, ndiye tikiti yaulere imafika msanga kusiyana ndi aliyense kusunga zake. A ku Nairobi, Kenya Airways anayambitsa Asante Rewards mu 2023, kale anali pa Flying Blue ya KLM ndi Air France. A ku Joni mwezi ndi mwezi pali Voyager ya South African Airways ndi Skybucks ya Airlink, koma maulendo afupiafupi oterewa amabweretsa zochepa, musayembekeze zozizwitsa.

Sankhani imodzi, ikachulukitsa ziwiri. Kulembetsa ndi kwaulere nde anthu amalembetsa paliponse, mapeto ake 3,000 uku, 5,000 uko, 2,000 kwina, palibe pomwe pakukwana kanthu mpaka zonse kutha ntchito.

Tsopano za kadi zija. Kunena zoona, makadi omwe ambiri tili nawo m'thumba kuno ndi a debit kapena a prepaid, Visa kapena Mastercard omangidwa pa akaunti ya ndalama zakunja ija ya nostro, umagwiritsa ntchito ndalama zako zomwe waikamo. Amagula tikiti pa intaneti bwinobwino koma kawirikawiri sabereka mamailosi. Mamailosi anu adzachokera pa kukwera ndege kwenikweniko. Makadi a ngongole opatsa mapointi ali kwambiri ku South Africa, ku UK, ku America ndi ku Dubai, ndipo amafuna munthu wokhala komweko, wa adiresi ndi malipiro a komweko. Ndiye ngati m'banja muli wotere, khalani naye pansi mugwirizane pulogalamu imodzi.

Kwa iye amene angathe kutenga kadi, pali mitundu iwiri. Ina ndi ya kampani ya ndege imodzi, dola iliyonse kapena paundi iliyonse yomwe wagulira zinthu imasanduka mamailosi a kampani yomweyo basi. Ina ndi ya mapointi a banki omwe umasankha wekha kowatumiza, monga Membership Rewards ya American Express. Yachiwiriyi ine ndimaikonda chifukwa sumangika, umadikira mpaka utaona mpando wa tsiku lomwe ukufuna kenako nkutumiza. Koma chenjerani, mapointi akachoka ku banki kupita ku ndege sabwereranso, ndiye osatumiza musanaone mpando ndi maso anu. Muonenso ndalama ya pachaka yomwe kadiyo imadula, ndi yomwe amadula mukagulira kunja kwa dziko. Ndipo ngongole ya pa kadi ibwezedwe yonse mwezi ukatha, chifukwa chiwongola dzanja cha makadi amenewa chimameza phindu lonse la mapointi nkudyanso zina za m'thumba.

China chomwe chimasokoneza anthu, mamailosi alipo awiri. Ena ndi ogulira tikiti, ena ndi okwezera udindo wanu kuchoka pa Blue kupita Silver, Gold, Platinum. A pa kadi nthawi zambiri ndi oyambawo. Udindo umabwera ndi kukwera, ndipo kwa amalonda ndi umene uli ndi phindu lenileni, makilo owonjezera a katundu, mzere waufupi pa kauntala, malo opumira muli chakudya ndi wifi pamene mukudikira ndege ina maola ambirimbiri ku Addis. Amayi amene amabwera ndi zikwama zodzaza nsapato ndi nsalu akudziwa mtengo wa chikwama chimodzi chowonjezera. Ukakhala Gold ku kampani ya mu Star Alliance amakulemekeza m'gulu lonselo.

Tikiti ya mamailosi si yaulere kwenikweni. Misonkho ya bwalo la ndege ndi ndalama zina za kampani mumalipira ndi ndalama zenizeni, ndipo pochoka ku London misonkhoyi ndi yokwera. Musanasankhe, lowani pa webusaiti yawo muyese ulendo wanu womwewo, muone mamailosi angati, madola angati pamwamba pake, kenako muyerekeze ndi mtengo wa tikiti wamba. Nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa moti bola kungogula nkusunga mamailosi. Mipando ya mamailosi imakhalanso yochepa, ya December imatha miyezi yambiri isanafike nthawi popeza aliyense akubwera kwawo ku Khirisimasi.

Mamailosi amathanso ntchito. A Emirates amakhala pafupifupi zaka 3 kuchokera pomwe munawapeza. Avios a British Airways amafa akaunti ikakhala miyezi 36 osalowa kapena kutuluka kanthu, ndiye kakugula kakang'ono kobweretsa Avios nthawiyo isanakwane kamawasunga amoyo. A United samatha. Ngati mumakwera kamodzi pa zaka ziwiri mfundo iyi ikhale patsogolo posankha.

Polembetsa, dzina lilembedwe ndendende ngati la pa pasipoti, osati Mai Uje kapena dzina la kutchalitchi, kusiyana kwa chilembo chimodzi kumakaniza mamailosi kulowa. Ngati tikiti akukugulirani a ejenti m'tauni, apatseni nambala yanu aike, ndipo pa kauntala muonenso ngati yatuluka pa boarding pass. Matikiti otchipitsitsa a pulomoshoni amapereka mamailosi ochepa, ena osapereka nkomwe, funsani kalasi ya tikitiyo. Kapepala ka boarding pass musataye mpaka mamailosi ataoneka mu akaunti, akapanda kulowa mumatha kuwapempha pambuyo pake koma nthawi yake ili ndi malire, ndiye jambulani pa foni musanatuluke m'ndege.