Ngozi ikagwa m'dera la nkhondo, yambani mwafunsa amayi

Mu Epulo 2019 namondwe wa Kenneth anawomba chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, kumene zigawenga zinali zikuukira midzi kuyambira Okutobala 2017. Anthu othawa mfuti anasasulidwanso madenga. Inu a m'makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, dziwani kuti mavuto awiriwa akakumana, mtolo wolemera umagwera mayi ndi mtsikana.

Nkhondo imatenga amuna: ena aphedwa, ena athawa, ena agwidwa kukamenya nawo. Mayi amatsala ndi ana, nkhalamba ndi odwala, chonsecho munda suli m'dzina lake, ziphaso zinapsera m'nyumba. Madzi akasefukira athamanga bwanji, khanda lili kumsana, agogo ali padzanja? Ku Aceh m'dziko la Indonesia, komwenso kunali nkhondo, tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja odza chifukwa cha chivomerezi) ya 2004 inapha akazi ambiri kuposa amuna. Ambiri anali pakhomo ndi ana, ndipo sanaphunzitsidwe kusambira.

Poyambira penipeni ndi pa kalembera wa thandizo. Lembani mayi m'dzina lake, osangoti "banja la auje". Polemba maina ndi pogawa chakudya pakhale amayi omwe mawu awo amamveka, osati ongodzaza mpando. Izi ndikunenetsa chifukwa namondwe wa Idai atadutsa mu 2019, bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linaulula kuti amayi ena ku Mozambique ankaumirizidwa kugona ndi atsogoleri a m'madera kuti alandire chakudya. Nkhanza zotere zimachitikira pa cholembera cha munthu mmodzi amene palibe womuyang'anira.

Pamsasa, zimbudzi za akazi zikhale pazokha, pafupi, zotsekera mkati ndiponso zowala usiku. Mukaona mtsikana akukana kumwa madzi madzulo, musamuyese wamwano, akuopa ulendo wa kuchimbudzi mumdima. Nkhuni nazo n'zoopsa. Ku Darfur m'dziko la Sudan amayi ambiri anagwiriridwa atatuluka mumsasa kukatola nkhuni, ndiye amayi a pamsasa wanu apite m'magulu, ndipo aphunzitseni kuumba mbaula zosadya nkhuni zambiri kuti maulendo achepe.

Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani yake isafalitsidwe. Tsegulani sukulu msanga, ngakhale pansi pa tenti, chifukwa njala ikakula makolo amafulumira kukwatitsa ana.

Mu 2000 nthambi ya chitetezo ya United Nations inagwirizana mfundo nambala 1325, yoti amayi azikhala nawo pa zokambirana za mtendere. Inunso msonkhano wa komiti muziuika masana, pamalo pomwe mayi angafike ndi mwana kumsana n'kubwerera kusanade.