Lekani kupala aiptasia ndi burashi

Nyengo yozizira ino aiptasia yadzaza m'matanki angapo a nsomba za m'madzi a mchere amene abale athu akusamalira m'nyumba za mabwana ku Randburg ndi ku Fourways, ndipo chimene chayambitsa ndi burashi. Munthu akaona kanthu kabulauni, koonekera mkati ngati galasi, katatambasula timanja pa live rock (miyala ya m'thanki yokhala ndi tamoyo ta m'nyanja), amatenga burashi ya mano kapena mpeni n'kuyamba kupala. Tsiku limenelo mwala umayera, madamu amayamikira. Pakangotha masabata awiri kapena atatu, mwala wonse wamera tiana.

Aiptasia si ndere ayi. Ndi kanyama, m'bale wake wa makorali, ndipo kamaberekana posiya tizidutswa ta phazi limene kamamatira nalo pamwala. Kachidutswa kalikonse kamamera pakamwa ndi timanja take n'kukhala aiptasia yathunthu. Aliyense amene analimapo munda wa kapinga akudziwa kuti kudula ndi khasu n'kusiya zidutswa m'nthaka ndiko kubzala kumene. M'thanki n'zoposa pamenepo, chifukwa pampu imanyamula zidutswazo n'kuzimwaza paliponse, mpaka m'sampu (kathanki kapansi kosefera madzi) ndi m'mapaipi momwe dzanja silifika. Komanso aiptasia ikangokhudzidwa imathawira m'bowo la mwala. Chimene mwachotsa ndi timanja chabe, mwini wake ali phee mkatimo.

Ikachuluka imaluma makorali oyandikana nayo. Ma zoanthid, omwe ndi mtundu wa makorali ofewa, amatseka osatsegulanso, ena minofu imasupuka mpaka kuoneka fupa loyera. Kuno ku Johannesburg kulibe nyanja yamchere yoti mukatoleko ena. Mwala uliwonse ndi korali aliyense wachokera kutali ndipo wadya marandi ambiri, ndiye zikafa funso limagwera amene amagwira thankiyo.

Nkhaniyi yanenedwa kambirimbiri, koma ena akadali ndi maganizo akuti chodetsedwa chilichonse mankhwala ake ndi kukwecha. Bambo wina wosamalira thanki ya mu ofesi ku Sandton anafika potulutsa miyala yonse Loweruka, kuitsuka pampopi, n'kuiyanika padzuwa ngati makaka. Ankati kumudzi mtsuko ukachita ndere amatero. Klorini wa m'madzi a pampopi ndi dzuwa zinapha mabakiteriya amene amachotsa ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, ndipo pofika pakati pa sabata nsomba zinali kupuma movutikira pamwamba pa madzi. Aiptasia imene inali m'mapaipi sinamve kanthu, inabwereranso pamiyala yomweyo.

Chochita n'chachifupi. Sakanizani ufa wa kalkwasser, womwe ndi calcium hydroxide, ndi madzi a RO (oyeretsedwa ndi sefa ya reverse osmosis) mpaka ukhale ngati phala lolimba, muike mu sirinji. Zimitsani mapampu onse, yandikirani aiptasia pang'onopang'ono isanathawe, ndipo thirani pakamwa pake mpaka itakwiririka. Dikirani mphindi 15 mpaka 30 musanayatsenso. Musaphe zambiri tsiku limodzi, makamaka m'thanki yaing'ono, chifukwa ufawu umakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi), ndipo pH siyenera kupitirira 8.4. Mankhwala a Aiptasia-X a kampani ya Red Sea amathiridwa momwemonso. Valani magolovesi, ufawu umawotcha khungu.

Aiptasia zing'onozing'ono zobisika zimadyedwa ndi kanyama kam'nyanja ka mtundu wa nkhanu kotchedwa peppermint shrimp, Lysmata wurdemanni, bola isamakhute chakudya cha nsomba, choncho chepetsani kudyetsa. Pogula yang'anitsitsani msana: ya linunda ndi camel shrimp, Rhynchocinetes durbanensis, imene imasiya aiptasia n'kumadya makorali ofewa. Berghia, nkhono yam'nyanja yopanda chigoba, imadya aiptasia yokha basi, ikatha imafa ndi njala, ndiye konzeranitu thanki ina yoipititsako. Nsomba ya copperband nayo imadya aiptasia, koma isiyeni, imavuta kudya ndipo zambiri sizikhalitsa. Korali watsopano muziyamba mwamuunika ndi tochi pansi pa kamwala kake asanalowe m'thanki yaikulu.