Momwe mungatolere mamailosi a ndege ndi kukwera mlingo wa umembala

Pafupifupi kampani iliyonse ya ndege ili ndi pulogalamu yopatsa mamailosi (mapointi amene kawirikawiri amawerengedwa potengera mtunda wa ulendo) anthu amene amakwera ndege zake, ndipo kulowamo n'kwaulere. Zinayamba kufala mu 1981 pamene American Airlines inakhazikitsa AAdvantage, makampani ena n'kutengera. Kulembetsa sikuvuta, ndipo sinditayapo nthawi: mukatsegula webusaiti ya kampaniyo mudzaona nokha pogogoda. Chimene chimagwetsa anthu ndi kusadziwa kuti si tikiti iliyonse imene imabala mamailosi, ngakhale mwakhala mundegemo usiku wonse miyendo itatupa.

Musanachite chilichonse, mvetsani kuti mamailosi alipo amitundu iwiri, ndipo sasakanikirana. Ena ndi ogulira, amene mumasinthitsa ndi tikiti kapena mpando wa bizinesi kalasi. Enawo ndi owerengera mlingo wanu, kuti mukhale wa Silver, Gold kapena Platinum. Achiwiriwa simungagulire kanthu, ndipo chaka chanu cha umembala chikatha kuwerenga kumayambiranso. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake: Flying Blue, ya Air France ndi KLM, imati XP, Emirates imati Tier Miles, Qatar Airways imati Qpoints. Munthu akhoza kukhala ndi mamailosi ogulira 200,000 koma ali pamlingo wapansi penipeni, akuima pamzere ngati wina aliyense.

Yambani ndi kusankha pulogalamu imodzi

Apa anthu amasusuka. Amalembetsa ponseponse, ndiye amapezeka ali ndi 4,000 uku, 7,000 uko, osakwanira kalikonse, mpaka onse kutha ntchito. Ndikunena imodzi chifukwa makampani ambiri akuluakulu ali m'migwirizano itatu. Star Alliance inayamba mu 1997 ndipo muli Lufthansa, United, Turkish Airlines, Singapore Airlines, Ethiopian Airlines ndi South African Airways. Wa oneworld unabwera mu 1999, muli American, British Airways, Cathay Pacific ndi Qatar Airways. SkyTeam ndi ya mu 2000, ya Delta, Air France, KLM, Korean Air ndi Kenya Airways. Emirates sili mu uliwonse mwa itatuyi, ili ndi mapangano akeake ndi makampani ena.

Nambala imodzi ya umembala imagwira ntchito mumgwirizano wonse. Mukakwera Turkish mutha kuthira mamailosiwo mu ShebaMiles ya Ethiopian, kapena mu MileagePlus ya United. Choncho yang'anani maulendo amene mumayenda kawirikawiri, onani mgwirizano umene umakunyamulani nthawi zambiri, musankhe pulogalamu imodzi m'menemo. Sikuti mpaka ikhale ya kampani imene mumakwera kwambiri. Onani kaye kuti mamailosi ake amakhala nthawi yaitali bwanji. A Delta ndi a United satha ntchito. A Emirates amatha pakapita zaka pafupifupi zitatu. Kwa munthu woyenda kamodzi pachaka, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa zonse zimene amalemba pamalonda awo.

Polembetsa, dzina lilembedwe ndendende monga lilili papasipoti. Ngati pasipoti ili ndi maina atatu, atatu omwewo.

Chilembo cha patikiti

Pano ndiye ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa.

Tikiti iliyonse ili ndi chilembo chimodzi chosonyeza gulu la mtengo wake. Mundege muli makalasi awiri kapena atatu ooneka ndi maso, koma mu kompyuta ya kampani ekonome yokhayo imagawidwa m'zilembo zopitirira khumi. Y ndi ekonome ya mtengo wonse, J ndi C nthawi zambiri ndi bizinesi, F ndi fesiti kalasi. Zilembo zinazo kampani iliyonse imazisanja mwa njira yake. Anthu awiri oyandikana mipando, akudya chakudya chimodzi, wina akulandira mamailosi onse a ulendowo, mnzakeyo gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso osalandira n'limodzi lomwe.

Chaka china ndinali nditatsala pang'ono kufika pa Gold, ndipo ulendo wautali umene ndinali nawo ukanandifikitsa. Tikiti anandigulira ejenti wina amene ananditsimikizira kuti nambala yanga wailowetsa, zonse zili bwino. Anailowetsadi, pa boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) inkaoneka. Nditabwerako ndinadikira sabata, kenaka ziwiri, mu akaunti muli zii. Nditalembera a pulogalamu yanga anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti tikitiyo inali ya gulu losapatsa mamailosi. Ndinatsutsa, popeza chilembo chimene chinali pa risiti yanga chinkaoneka pa tebulo lawo la zilembo ndi mamailosi ake kuti chimapatsa theka. Apa m'pamene ndinaphunzira za codeshare. Nambala ya ulendo inali ya kampani imene inagulitsa tikiti, koma ndegeyo inali ya kampani ina. Chilembo changa chitawolokera mu kompyuta ya eni ndegewo chinasanduka china, ndipo chimenecho pa tebulo panalibe. Ejenti uja anali atasankha mtengo wapansi kwambiri, wa gulu limene amagulitsa maejenti okha, ndipo mtengo wokwererapo pang'ono ukanandipatsa mamailosi okwanira. Kusiyana kwake kunali kochepa poyerekeza ndi mtengo wa tikitiyo. Palibe chimene chinasintha, chaka chinatha ndili pa Silver.

Ndiye musanalipire chitani izi. Funsani ejenti kapena yang'anani pa webusaiti kuti chilembo cha gawo lililonse la ulendo ndi chiti. Gawo lililonse, chifukwa popita chikhoza kukhala china, pobwera china. Mawebusaiti ena amachibisa pansi pa mawu akuti fare details kapena booking class, ena ogulitsa matikiti otchipa sachionetsa n'komwe mpaka mutalipira, ndipo amenewo ine ndinawasiya. Kenaka fufuzani timawu ting'onoting'ono takuti operated by. Dzina limene likutsatira mawu amenewo ndilo la eni ndege. Mu Star Alliance kawirikawiri amawerengera potengera eni ndegewo, pamene mu oneworld ndi SkyTeam amakonda kutengera kampani imene nambala yake ili paulendo. Mukatero tsegulani tebulo la pulogalamu yanu, tsamba la kampani imeneyo, muone ngati chilembocho chilipo ndi peresenti yake. Ngati ulendo uli wa codeshare ndipo simukutha kudziwa kuti chilembo chisanduka chiti, sankhani ulendo umene wogulitsa ndi mwini ndege ali mmodzi. Ejenti akakuuzani kuti "musadandaule, alowa", muuzeni akutumizireni chilembocho pa uthenga. Ambiri a iwo sanama dala, kungoti za mamailosi anu sizimawakhudza.

Dziwaninso kuti makampani ena anasiya kuwerengera mtunda pa matikiti awo. Delta ndi United kuyambira 2015, American kuyambira 2016, amapereka mamailosi ogulira potengera ndalama zimene mwalipira, osawerengera misonkho ya boma. Kwa iwo tikiti yotchipa imabala zochepa ngakhale ulendo utalike chotani.

Boarding pass musataye mpaka mamailosi atalowa. Ijambuleni pafoni muli pabwalo la ndege pomwepo, pamodzi ndi nambala ya tikiti, ija ya manambala 13. Si imodzi ndi ija ya zilembo zisanu ndi chimodzi yosungitsira malo. Akapanda kulowa pakatha milungu iwiri, pa akaunti yanu pamakhala fomu yofunsira mamailosi osowa, ndipo mapulogalamu ambiri amalola kufunsa mkati mwa miyezi 6 mpaka 12.

Kukwera mlingo

Kunena zoona, mlingo woyamba m'migwirizano yambiri ulibe zambiri. Star Alliance Silver imangokuikani patsogolo pamndandanda wa odikira mpando, basi. Phindu lenileni limayambira pa Star Alliance Gold, SkyTeam Elite Plus ndi oneworld Sapphire: kulowa mu lounge (chipinda chapadera chodikiriramo pabwalo la ndege) ngakhale muli ndi tikiti ya ekonome, kauntala yanuyanu yoperekera katundu, kukwera ndege poyamba, ndi katundu woonjezera pa matikiti ambiri. Koma chimene ine ndimachiwerengera kwambiri ndi tsiku limene ndege yalephereka. Anthu mazana ali pamzere umodzi, ana akulira pansi, inu mukupita pa desiki ya mu lounge pamene pali anthu atatu, n'kupatsidwa mpando wa ndege yotsatira ena asanafike n'kutsogolo komwe.

Kuti muone kukula kwa phiri lake, tengani Flying Blue. Silver imafuna XP 100, Gold 180, Platinum 300, ndipo mumakwera imodziimodzi, mukafika Silver kuwerenga kumayambanso. Ulendo umodzi wa mtunda wopitirira mamailosi 5,000 mu ekonome umapatsa XP 12, mu bizinesi 36. Werengani nokha. Woyenda kawiri pachaka mu ekonome ndi ndalama za m'thumba mwake sadzafika pa Gold, ndipo asadzivute. Pali anthu amene amagula maulendo opanda chochita, kungopita n'kubwerera, kuti atseke mpata kumapeto kwa chaka. Ngati mwatsala ndi kagawo kamodzi kakafupi, mwina. Kupitirira apo mukugula lounge pamtengo wa hotela.

Njira yachidule ilipo. Mukakhala ndi mlingo kale ku kampani ina, makampani ena amakupatsani wofanana nawo kwa miyezi ingapo, amati status match, n'kukuuzani maulendo oti muyende kuti muusunge. Nthawi zambiri amalola kamodzi kokha, choncho musapemphe mulibe ulendo patsogolo.

Makhadi a ngongole

Mamailosi ambiri amene anthu amadzitama nawo pa intaneti sanachokere mundege, anachokera ku banki. Khadi limakupatsani bonasi yaikulu mukagwiritsa ntchito ndalama zakutizakuti, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyamba. Mabonasi onenepa kwambiri ali ku America, ndipo mabanki amapereka makhadiwa kwa okhala m'dzikomo amene ali ndi mbiri ya ngongole. Kwina kulikonse funsani banki yanu ngati ili ndi khadi logwirizana ndi kampani ya ndege, koma musayembekezere manambala amene mumaona pa YouTube.

Lamulo ndi limodzi: bwezani ngongole yonse mwezi uliwonse. Chiwongola dzanja cha makhadiwa chimapitirira 20 peresenti pachaka, pamene mailosi imodzi mtengo wake umangozungulira pa senti imodzi kapena awiri a dola. Mwezi umodzi wosabweza umadya zonse. Tengani khadi pamene muli kale ndi chinthu chachikulu choti mulipire, osati kukagula zosafunika pothamangitsa bonasi. Kutapa ndalama pa ATM sikuwerengedwa. Onaninso ndalama ya pachaka ya khadilo, ndi ija amadula mukagula kunja, imene imafika pafupifupi 3 peresenti.

Mapointi a makhadi a mabanki a ku America monga American Express kapena Chase ndi abwinoko chifukwa mumawasamutsira ku makampani osiyanasiyana, koma akapita apita, sabwerera. Pezani kaye mpando, mutsimikize kuti ulipodi, kenaka musamutse. Ndipo mamailosi a khadi ndi ogulira chabe, m'mapulogalamu ambiri sakweza mlingo, ngakhale American kuyambira 2022 imawerengera.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli akamberembere ogulitsa mamailosi, ena amalonjeza bizinesi kalasi pa theka la mtengo. Malamulo a mapulogalamu amaletsa malonda amenewa, ndipo ena mwa mamailosiwo amakhala obedwa m'maakaunti a anthu. Mwini wake akadandaula tikiti imafufutidwa, inu mumakamvera pa kauntala zikwama zili m'manja. Pasiwedi ya akaunti yanu musapatse ejenti aliyense.

Kuwagwiritsa ntchito

Mipando ya mamailosi imakhala yochepa. Imatsegulidwa pafupifupi miyezi 11 ulendo usanafike, ina imatuluka m'masiku omaliza. Misonkho mumalipirabe ndi ndalama, ndipo makampani ena amaonjezerapo ndalama yolembedwa YQ, imene nthawi zina imakhala yaikulu moti tikiti "yaulere" imayandikira mtengo wa yogula. Masamu ake ndi awa: tiyerekeze tikiti ndi ya $600, kapena mamailosi 30,000 kuphatikiza $150. Mwapulumutsa $450, kutanthauza senti imodzi ndi theka pa mailosi. Zikatsika pansi pa senti imodzi, lipirani ndalama, mamailosi musunge.

Musawasunge zaka zambiri, makampani amakweza mitengo ya mamailosi osachenjeza mokwanira. Kugulira mahedifoni m'sitolo yawo ya pa intaneti ndi kuwataya. Ngati ndinu banja, onani ngati pulogalamu yanu imalola kuphatikiza mamailosi mu akaunti imodzi, monga zimachitikira ku Emirates, British Airways ndi Flying Blue. Ana nawonso alembetseni, tikiti ya mwana wokhala pampando wake imabala mamailosi.